Zitsononkho m'Chesisi ya Chembere

Zaka za pa Nsipe

Ana anga, za ubwana wanga ndizidumpha, mulibe chotola. Ndiyambira pamene ndinayamba kudya thukuta langa, pa galaja ya a Kachingwe pa Nsipe, m'mbali mwa msewu waukulu, kuseri kwa amayi ogulitsa tomato ndi kachewere. Ndinafikapo ndi pepala la sukulu ya zowotcherera m'thumba la shati, mapewa ali m'mwamba. A Kachingwe analilandira pepalalo, n'kuliyang'ana chozondotsa mwadala, n'kundibwezera pamodzi ndi nyundo. Anati ndizungulire bwalo lonse ndikugogoda chitsulo chilichonse, ndibwere ndidzawauze chamoyo ndi chakufa. Ndinapsa mtima, paja mukundidziwa, koma ndinagogoda. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, chodyeka ndi dzimbiri chimangoti phu, ngati wagogoda dzungu. Munthuyo anali waukali, wosadziwa kuyamika, ndipo ukawotcherera mwaulesi ankabwera ndi tchizulo n'kugumula mwini galimoto akuona. Ndinakhala nawo zaka zingapo. Amayi anu a Nangozo ndinawakwatira ndili pomwepo, ndipo iwe Dalitso ndi iwe Chikondi munabadwira m'kanyumba ka lendi kuseri kwa chigayo. Chinandichotsapo ndi nyumba yomweyo. Bungwe lina la mpingo lothandiza alimi a mpunga ku Bwanje linkafuna wowotcherera, ndipo linkapereka nyumba ya malata ndi kamunda. Potsanzikana a Kachingwe anangoti ku chigwa kumatentha, ndikagule chipewa. Koma mutu uno si wa iwo ayi. Ndi wa galimoto imodzi imene inandiondetsa pa nthawi yomwe amayi anu anali oyembekezera mwana wathu womaliza.

Chaka choyamba ku Bwanje

Za chipewa sananame. Ine mwana wa ku Mlangeni, wozolowera kufunda mabulangete awiri, ndinafika kumene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ntchito yanga inali ya zitseko za m'ngalande, mapulawo, ngolo, ndi njinga ya aliyense wodutsa amene ankati ndingodonthezapo pang'ono. Bwana wathu anali mayi Chisale, munthu wamfupi, wolankhula motsitsa, amene zinthu zikavuta ankavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje. Ndagwira ntchito ndi mabwana okuwa, koma amene ndinkawaopa zenizeni ndi amenewa.

Pamalopo panali pikapu imodzi yoyera, anthu ankaitcha Chembere. Ku ofesi inkadziwika kuti ndi yonyamula feteleza ndi mbewu kuchokera ku boma, koma zoona zake inali ya chigwa chonse. Wodwala mwakayakaya, Chembere. Mayi wovutika pobereka, Chembere. Maliro ochokera ku chipatala, Chembere yemweyo. Ambulansi inalipo, koma dera ndi lalikulu, ukaiitana m'mawa inkafika ikamaliza za ena. Dalaivala wake anali a Ndau, mkulu wa mpingo, munthu waukhondo wonyanya. Loweruka lililonse ankaitsitsira pamalo owolokera ngalande yaikulu, madzi kumiza matayala, n'kuitsuka kunsi ndi kumwamba mpaka dzuwa kupendeka. Bambo amenewa sankaopa mtsinje wodzaza, sankaopa apolisi a pamsewu, koma njoka, ayi ndithu. Nkhani inali m'kamwa mwa aliyense yakuti ine ndisanabwere, tsiku lina akusintha tayala, mbobo inasuzumira pa bowo la chesisi, zitsulo ziwiri zazitali zija zimene galimoto yonse imakhalirapo, pafupi penipeni ndi khutu lawo. Akuti anathamanga mpaka pa golosale sipanala ili m'manja. Tinkawaseka, iwonso ankaseka nafe. Kunsi kwa galimoto sankalola munthu kulowako, ankati mwana wawo amamudziwa okha. Ineyo poti ndinali wa zitseko ndi ngolo, ndipo injini inkakakonzedwa ku boma, sindinalimbane nawo.

Okutobala wa chaka chachisanu

Amayi anu pathupi panali patakula. Ku sikelo anamwino anawauza kuti mwana wagona chopingasa, ndipo akapanda kutembenuka sangabadwire pa kachipatala kathu, kufunika ku boma kumene kuli madokotala a opaleshoni. Masiku awo anali a kumapeto kwa chaka, ndiye tinagwirizana kuti pakati pa Disembala akakhale ku chidikiro. Apongozi anga, agogo anu aakazi, anatsika kuchokera kumtunda kudzathandiza pakhomo. Ine mtima unali m'malo, poti Chembere analipo.

Tsiku lomaliza la mweziwo masana a Ndau akufika ndi matumba a feteleza, ndili chiimire pakhomo la shedi, ndinaona chinthu chosakhala bwino. Pakati pa mutu wa galimoto ndi bodi pamayenera kukhala mpata wolowa dzanja, wofanana pansi ndi pamwamba. Apa pamwamba panali patatsekeka, bodi ikukhula penti ya mutu, pansi pali poyasamula. Galimotoyo inali itayamba kupindika msana. Sindinapemphenso chilolezo kwa munthu. Atatsitsa katundu ndinatenga nyundo n'kukwawira kunsi, a Ndau akudandaula kumbuyo kwanga. Kunja kwake chesisi inali yakuda bii, yowala, yopakidwa phula mosamala. Ndinagogoda kutsogolo, ngwee. Ndinagogoda pakati, pafupi ndi pomwe pamagwira sipuling'i, nyundo inangolowa yonse. Madzi ofiira, onunkha, anandikhuthukira kumaso pamodzi ndi makoko a dzimbiri. Nditapukuta m'maso ndinayamba kupapasa timabowo timene opanga galimoto amasiya kuti madzi azitulukirapo. Panalibe ndi kamodzi komwe kotseguka. Ndinakolokosa ndi msomali, munatuluka chitsononkho. Bowo lina, chitsononkho. Mabowo onse apansi ndi am'mbali a Ndau anakhomeramo zitsononkho n'kumata phula pamwamba, kuti njoka isadzapezenso polowera. Ndiye madzi a Loweruka lililonse aja, atasungunula feteleza wotayikira mu bodi, ankalowera m'mipata ya pamwamba n'kukhazikika m'katimo osatuluka, chaka ndi chaka.

Ndinatuluka ndi ukali. Ndinawaponyera a Ndau chitsononkho pamapazi n'kuwafunsa ngati galimotoyo anaiyesa nkhokwe. Ndinalalata mpaka anthu a kumunda anaimika makasu. Iwo anawerama, anachitola, n'kuchiyang'ana.

"A Mbewe, ine ndimati ndikumuteteza," anatero.



Mayi Chisale atabwera kudzaona anavula magalasi. Anati njira akuziona ziwiri. Akauza ku likulu kuti chesisi yaola, galimoto idzatengedwa, ndipo ina tisaiyembekezere, poti malo ena a bungweli analibiretu ngakhale njinga yamoto. Apo ayi, ndimatepo kachitsulo kunja msangamsanga, Chembere azikwawa mpaka mvula ithe. Ndinawauza kuti pali yachitatu, kuchotsa bodi ndi thanki, kudula poola ponse, kulowetsa chitsulo chamoyo. Anafunsa kuti zingatenge nthawi yotani, ndinati masabata awiri zipangizo zikakhalapo. Anandiyang'ana n'kundikumbutsa kuti kuno zipangizo sizikhalapo, komanso kuti kunyumba kwanga kuli munthu amene angaifune galimotoyo tsiku lililonse. Anati ndikaganize, chimene ndinene iwo aima nacho.

Ndinagwira njakata. Kumata kunja inali ntchito ya tsiku limodzi, koma kuwotcherera pa dzimbiri n'kusoka chigamba pa nsanza, ndipo msewu wokwera ku Nsipe uli ndi zitunda zoti galimoto ikathyoka msana, mapaipi a mabuleki amaduka nawo limodzi. Kuphwasula, ndiye kuti chigwa chonse chikhala chopanda galimoto mvula ili pakhomo, amayi anu ali momwe analilimo. Madzulo chakudya chinandikanika. Amayi anu anandifunsafunsa mpaka ndinaulula, tili pakhonde iwo akusankha mpunga m'lichero. Anamvetsera osandidula, kenako anandifunsa ngati ineyo, itamatidwa kunjako, ndingakwezemo mbuzi yanga kupita nayo ku Nsipe. Ndinati ayi.

"Nanga mukufuna mukwezemo ine? Kaphwasuleni, bambo a Dalitso. Koma manja akhale achangu."

Novembala

M'mawa mwake tinamasula mabawuti, amuna a kumunda anatithandiza kunyamula bodi n'kuikhazika pa migolo. Ndinachotsa thanki, mapaipi ndi mawaya, chifukwa moto ndi mafuta sizigonera limodzi. Nditapala phula ndinaona kuti matendawo ndi aakulu kuposa mmene ndinkaganizira. Mbali zonse ziwiri, kutalika kwa mkono wanga, chitsulo chinkanyenyeka ndi chala. Ndinakhazika chesisi pa zitsa n'kuiyeza ndi chingwe, ngodya iyi ndi iyo, kuti podula isapotoke, poti galimoto yopotoka chesisi imayenda cham'mbali ngati nkhanu ndipo matayala imadya ngati chiyani.

Apo ndi pamene mavuto anayamba kubwera motsatana. Chitsulo cha zitseko za m'ngalande chinalipo, koma n'chofewa, sichikanasenza katundu. Ndinapalasa njinga kukwera ku Nsipe, kwa a Kachingwe, amene panthawiyo anali atayamba kuyendera ndodo. Ndisanakhale n'komwe anati amva kale kuti ku Bwanje galimoto zayamba kudya chimanga. Ananditukwana bwinobwino kuti zaka zonsezo ndinali kuti ndi nyundo yanga, kenako analoza ndi ndodo kuseri kwa galaja, kumene kunali pikapu ya mtundu womwewo imene inagubuduzika kalekale, kutsogolo yophwanyika koma kumbuyo ili bwinobwino. Gasi wodulira analibe, pa Nsipe ponse anali atatha. Ndinabwerera kukatenga a Ndau, ndipo tinadula chesisi ija ndi kasowo ka manja, uyu akatopa uyu n'kulandira, mpaka matuza anaphulika m'manja. Zitsulozo zinatsika ku chigwa pa ngolo ya ng'ombe.

Zitsulo zitafika, marodi owotcherera amene anali m'sitolo mwathu tinawapeza atachita chinyezi, ukayatsa ankangothetheka n'kusiya timabowo m'kati. Oterowo pa ngolo ungaphonyerepo, osati pa chesisi. Ndinapita kwa mayi wina wophika masikono kuseri kwa msika, ndinawapempha kuti akaphula masikono awo andiikire marodi anga mu uvuni aume. Mayiwo anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma anavomera. Marodi atauma, magetsi ndiye anayamba zawo. Ankabwera m'mawa pang'ono, ndikangogwira bwino ntchito, phethi. Jenereta inalipo, dizilo kulibe. Mayi Chisale anayenda ofesi ndi ofesi ku boma, pa matola, kupemphetsa ka m'chigubu. Ndinkakhala pa chitsa chigoba cha kumaso chili pa bondo, maso ali pa babu, ndikutukwana chamumtima. Masabata awiri aja anabereka ena.

Ntchito ya chesisi sifuna phuma, ngakhale mtima ukhale ukuthamanga. Umawotcherera pang'ono mbali iyi, n'kudumphira mbali inayo, n'kudikira kuti pazizire pokha, osathira madzi, ukathira chitsulo chimauma n'kudzathyoka tsiku lina. Pamfundo paliponse ndinkaikapo chigamba chosongoka uku ndi uku, kuti kulemera kusamagwere pamzere umodzi. A Ndau ankafika ine ndisanafike. Ankapala dzimbiri ndi bulashi ya waya, kugwira zitsulo, kutunga madzi akumwa. Nditawauza kuti akapumule anati adzapumula Chembere akadzayambanso kuyenda.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi pakamwa pa anthu. Bambo wina wa m'mudzi woyandikana nafe anamwalira ku chipatala cha boma, ndipo thupi linabwera pa ngolo, tsiku lathunthu padzuwa la Novembala. Ndinapita kumaliroko monga mwa mwambo. Moni ndinampereka, wondiyankha anasowa. Kumanda munthu wina ananena mokweza, osandiyang'ana, kuti pali amisiri ena amapha galimoto yoyenda. Ndinafotsera nawo, ndinabwerera ku shedi mtima ukuwawa. Amayi anu ankabwera masana ndi chakudya, n'kukhala pa tayala chofulatira kuopa kuwala kwa moto, miyendo itatupa. Sankadandaula ayi. Ankangofunsa kuti lero ndafika pati, ndipo funso limenelo linkandilemera kuposa zonena za kumanda zija. Mvula yoyamba inagwa chesisi ikadali pa zitsa.

Disembala, sabata yoyamba

Ndinamaliza kuwotcherera Lachiwiri. Ndinapaka penti yofiira yoteteza dzimbiri, m'kati ndinathiramo oyilo wakale, ndipo mabowo onse ndinawatsegula. Ndinaona a Ndau akuwayang'ana mabowowo nkhope itagwa, ndiye ndinadula sefa ya pawindo n'kumangirira pa lililonse, kuti madzi azituluka koma mlendo wawo uja asalowe. Anandigwira dzanja ndi manja awiri. Lachinayi madzulo bodi inabwerera pamalo pake. Ndinakonza zoti Loweruka tiiyese ndi matumba a mchenga, kuyamba ndi ochepa, kumaonjezera, n'kumalowa kunsi kukaona. Galimoto yodulidwa msana sukwezamo munthu usanaiyese.

Lachisanu m'mawa ndikulumikiza mawaya a nyali zakumbuyo, ndinaona mayi Chisale akubwera chothamanga, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anati matenda ayamba, amayi anu ali pa kachipatala, anamwino apima apeza mwana akadali chopingasa, ndipo ambulansi ili kutsidya lina la boma. Anandifunsa funso limodzi, ngati Chembere angayende. Ndinkadziwa mmene ndinawotchererera mfundo iliyonse, koma kudziwa n'kwina, kuyesa n'kwina. Ndinati ayenda.

Tinayala matiresi mu bodi. Amayi anu anagona pamenepo, anamwino mbali iyi, apongozi mbali inayo. Ine ndi apongozi chikwatirire tinali tisanakhalepo moyandikana chotero, tikakumana panjira wina ankapatukira kutchire, ndipo mawu athu ankadzera mwa amayi anu. Ndiye ndinaima kutsogolo kwa bodi chowafulatira, n'kugwira chitsulo cha kuseri kwa mutu. A Ndau, amene pemphero lawo nsima inkazizira nalo, tsikulo anangoti Ambuye mutitsogolere, n'kuliza injini.

Titangonyamuka ndinalowetsa dzanja langa lamanzere mumpata uja wa pakati pa mutu ndi bodi. Ndinkafuna kuti chesisi ikayamba kugonja ndimve ndine woyamba, ndimenye denga a Ndau aime tisanafike pa zitunda. Msewu unali matope okhaokha. Pabampu paliponse mpatawo unkandifinya zala n'kumasula. Chesisi iliyonse imatero, yatsopano yomwe, mutu unkadziwa koma mtima sunkamva. Kumbuyo kwanga amayi anu ankabuula motsitsa, anamwino akuwalimbitsa mtima, ine osacheuka. Tinaoloka ngalande, tinadutsa minda, anthu akuimirira m'madzi mbande zili m'manja kuona Chembere akuyenda. Pa chitunda chachikulu mvula inali itakumba chigwembe chodula msewu chopingasa. A Ndau anachilowa cham'mbali pang'onopang'ono, galimoto yonse inapotoka, tayala limodzi lakumbuyo linanyamuka, ndipo china chake chinalira kuti thwa! A Ndau nawo anamva, anaponda buleki n'kutulutsa mutu pawindo kundiyang'ana. Ndinagwedeza zala mumpatamo, zinkayenda momasuka monga poyamba. Anamwino anati nthawi palibe. Ndinauza a Ndau kuti tiyeni. Kuchoka pamenepo mpaka pa tala wa pa Nsipe sindikumbuka kuti ndinapuma.

Pa chipatala cha boma anawalandira ndi machira n'kulowa nawo, apongozi akutsatira ndi kathumba ka zitenje. Ife amuna anatiuza kuti tidikire panja. Kukhala pansi kunandikanika, kuima kunandikanika, ndipo thwa uja ankalirabe m'makutu mwanga. Ndinagona chagada n'kukwawira kunsi kwa galimoto, pabwalo pomwepo. Ndinapukuta matope ndi shati, mfundo ndi mfundo, ndikuyendetsa chala kufuna mng'alu. Panalibe. Ngakhale penti sinang'ambike. A Ndau anawerama n'kundionetsa chimene chinaduka, katcheni kogwira chitseko cha kumbuyo kwa bodi. Ndinaseka pang'ono, koma kutuluka sindinatuluke. Kunsiko kunali mthunzi, ndipo kunalibe munthu wondiyang'ana kumaso. Ndinakhala momwemo nthawi yaitali, dzuwa linachoka pa matayala a mbali iyi n'kupita mbali inayo, a Ndau akuzungulirazungulira akung'ung'udza nyimbo ya m'buku.

Kenako ndinaona mapazi opanda nsapato akubwera, ndinawazindikira ndi chitenje. Ndinkayembekeza kuti alankhula ndi a Ndau kuti andiuze. Koma apongozi anagwada pambali pa tayala, n'kulankhula ndi ine mwini, koyamba chikwatirire mwana wawo.

"Bambo, tulukani. Achira onse awiri. Ndi wamkazi."

Ndiwe ameneyo, Tamandani. Ndinawayankha kuti ndikubwera, pali bawuti ndikumanga. Sipanala ndinalibe n'komwe. Ndinagona pomwepo pansi pa Chembere, misozi ikutsikira m'makutu, mpaka a Ndau anagwada n'kundikoka miyendo.